PHP, Node.js ndi buku la maliro la ku Kadoma ndi Chegutu

Mabungwe a maliro a m'matauni a migodi ku Zimbabwe anayamba chifukwa cha mantha amodzi: kufera kuchilendo popanda wokuika m'manda. Munthu wochokera ku Dedza kapena ku Katete akamwalira m'komboni ya mgodi, panalibe mwinimbumba woti alamule mwambo, panalibe adzukulu a mudzi woyandikana oti akumbe, panalibenso mfumu yopereka malo. Anzake ankasonkha ndalama, nagula bokosi, nalemba m'buku dzina la malemuyo, mfunda wake, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake, kuti uthenga ukafike kwa abale. Motero buku la zopereka linasanduka kaundula wa kumene anthu anachokera, ndipo m'mabanja ena ndilo lokha limene likusunga dzina la mudzi wa makolo.

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana pa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, otalikirana makilomita pafupifupi 35. Mpaka mu 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Golide wa ku Cam and Motor pafupi ndi Eiffel Flats ndi wa ku Dalny ku Chakari, mafamu, komanso mafakitale a nsalu a David Whitehead, zinakokera kumeneko amuna ambiri a kumpoto kwa Zambezi. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anabwera ndi Mthandizi. Amene sanabwerere, kwawo anawatcha matchona. Zidzukulu zawo lero zimalankhula Chishona pamsewu ndi kusukulu, koma Chichewa chimamvekabe pamaliro, kutchalitchi, kumzikiti ndi padambwe.

Bungwe lina lotere lili ndi mamembala ku Rimuka m'tauni ya Kadoma ndi ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu. Mabuku ake ndi anayi. Lakale kwambiri chiswe chinalidya m'mbali, ndipo masamba ena inki inasungunuka chaka chimene denga linadontha. Msungichuma ndi nkhalamba imene maso ayamba kuivuta. Ana a mamembala ali ku Harare, ku Johannesburg ndi ku Lilongwe. Amatumiza zopereka pa foni, kenaka n'kumafunsa pa WhatsApp ngati zalembedwa. Maliro akagwa, mkangano woyamba umakhala woti kodi malemuyo anali atamaliza kupereka kapena ayi. Pa msonkhano wina anagwirizana kuti bukulo likhalenso pa intaneti, ndipo ntchitoyo inagwera zidzukulu ziwiri za msungichumayo: mtsikana wa ku Chegutu amene amakonzera masukulu ndi mashopu masamba a pa intaneti, ndi msuweni wake wa ku Kadoma amene anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu. Asanalembe mzere ndi umodzi womwe, anasemphana maganizo. Mtsikanayo ankafuna PHP, mnyamatayo ankafuna Node.js.

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi mbali ziwiri. Ina ndi imene imaoneka pa foni: mitundu, zilembo ndi mabatani. Inayo ili kutali, pa kompyuta yosazimitsidwa yotchedwa seva. Membala akadina batani lofunsa kuti wapereka zingati, funsolo limapita ku seva. Pulogalamu ya kumeneko imatsimikiza kuti wofunsayo ndi ndani, imatsegula nkhokwe ya zolembedwa imene akatswiri amaitcha database, imatapa zoyenera, n'kubweza yankho. Mkangano wa asuweniwo unali pa chipangizo cholembera pulogalamu ya kuseriyo, imene membala sadzaiona konse koma ndiyo idzasunga mayina.

PHP anaitulutsa Rasmus Lerdorf mu 1995. M'kagwiridwe kake ka masiku onse, funso lililonse limapatsidwa wantchito wakewake. Iye amayamba ndi mutu wopanda kanthu, amagwira ntchitoyo, amapereka yankho, n'kuiwala zonse. Akalakwitsa, kulakwako kumathera pa funso lomwelo, ndipo wofunsa wotsatira amalandiridwa ngati palibe chachitika. WordPress, imene mtsikanayo amadyerapo, inalembedwa mu PHP. MediaWiki, pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia yonse kuphatikizapo ya Chichewa, nayonso ndi ya PHP. Facebook inayambira pomwepo mu 2004.

Node.js anaitulutsa Ryan Dahl mu 2009. Iye anatenga injini ya V8, imene imayendetsa chilankhulo cha JavaScript mu Google Chrome, n'kuiika pa seva. Kagwiridwe kake kali ngati ka mayi mmodzi wophika pamaliro. Amateleka mphika wa nyemba, ndipo sayima kudikira kuti uwire. Amapita kukasonkhezera wa ndiwo zamasamba, kenaka kukathira madzi mu wa phala, n'kubwerera ku uliwonse umene wamuitana. Munthu mmodzi amasamala miphika yambiri nthawi imodzi chifukwa sataya nthawi podikira. Koma akayamba kuvundula nsima ya mumphika waukulu, miphika ina yonse imamudikira, ndipo akakomoka, kuphika konse kumaima mpaka wina amudzutse.

Mnyamatayo anali ndi mfundo zomveka. Ndi Node.js, chilankhulo chimodzi chimakwanira mbali zonse ziwiri, ya pa foni ndi ya pa seva. Popeza pulogalamuyo imakhala maso nthawi zonse, n'kosavuta kuichititsa kuti uthenga wa maliro uonekere kwa onse amene atsegula tsambalo panthawi yomweyo. Ndipo sanabise chifukwa chachitatu: amafuna ntchito yogwirira kunyumba ku makampani akunja, ndipo tsamba la bungwelo likanakhala umboni woonetsa olemba ntchito. M'tauni imene mafakitale a nsalu anafooka kalekale, chifukwa chimenechi si chochititsa manyazi.

"Iwe msuweni, ukufuna kumangira agogo nyumba ndi njerwa za mu 1995," anatero mnyamatayo.

"Njerwa zimenezo ndi zimene zanyamula Wikipedia," anayankha mtsikanayo. "Zako zija, nyumba ikagwa usiku uli ku Joni, adzaidzutsa ndani?"

Mfundo za mtsikanayo zinayambira pa ndalama. Malo a pa seva amachita lendi, ndipo otchipa kwambiri ndi amene masamba ambiri amagawana kompyuta imodzi. Pafupifupi malo onse otere amabwera ndi PHP ndi MySQL zoikidwa kale. Munthu amangokweza mafayilo ake, tsamba n'kuyamba kugwira. Node.js kawirikawiri imafuna seva imene mwiniwake amaisamala yekha: kuikonza, kuitseka mipata ya akuba, ndi kuika pulogalamu ina yoidzutsa ikagwa. Lendi imeneyi imalipidwa m'madola a ku America, kuchokera m'thumba lomwelo logulira mabokosi, m'dziko limene ndalama yake yasintha kangapo, komaliza mu April 2024 pamene inabwera ZiG. Maganizo oika seva m'nyumba ya agogo anatha msanga. Aliyense amakumbukira chaka cha 2019, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku.

Ananenanso za timapulogalamu tobwereka. Wolemba Node.js amatapa tizidutswa tambiri m'nkhokwe ya npm, ndipo kachidutswa kalikonse kamadalira tina. Mu March 2016 mlembi wina anachotsa m'nkhokweyo kapulogalamu ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo ntchito za anthu ambiri padziko lonse zinaima kwa maola angapo. Mnyamatayo anayankha kuti npm inakhwimitsa malamulo ake pambuyo pa zimenezo, ndiponso kuti PHP nayo ili ndi nkhokwe yakeyake yobwerekako kudzera mu Composer. Ankanena zoona. Zipangizo zonse ziwiri zimatulutsa mitundu yatsopano kawirikawiri n'kusiya kusamala yakale, choncho palibe tsamba limene lingamangidwe lero n'kusiyidwa zaka khumi osakhudzidwa.

Atatopa ndi mikangano, anagwirizana zoyesa. Aliyense analemba katsamba kakang'ono m'chipangizo chake, nalowetsamo mayina a pa masamba asanu oyamba a buku lakale lija. Apa ndi pamene Chichewa chinalowerera.

Choyamba chinali chilembo cha ŵ. Akale ena ankachilemba mosamala, monga m'mawu akuti Malaŵi ndi Mbeŵe. Mu dongosolo la UTF-8, zilembo wamba za Chingelezi zimatenga bayiti imodzi, koma ŵ imatenga awiri. Lamulo lakale la PHP lowerenga kutalika kwa mawu, strlen, limawerenga mabayiti, choncho limati Malaŵi ali ndi zilembo 7. Lamulo loyenera ndi mb_strlen, limene limapeza 6. Chimodzimodzi posandutsa zilembo kukhala zazikulu: strtoupper imasiya ŵ ali wamng'ono pakati pa anzake aakulu, pokhapokha wolemba atagwiritsa mb_strtoupper. Ndipo nkhokwe ikakonzedwa mu dongosolo lolakwika, dzina la dziko limatuluka ngati MalaÅµi. Mnyamatayo anaseka, chifukwa JavaScript inawerenga 6 popanda vuto. Koma ŵ imalembeka m'njira ziwiri pa kompyuta: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kadenga kapadera. Pamaso n'zofanana, koma kompyuta imaziona zosiyana, ndipo pa njira yachiwiriyo JavaScript nayo inawerenga 7. Mankhwala ake alipo ku mbali zonse ziwiri, ndiwo kusandutsa mawu onse kukhala a mtundu umodzi asanasungidwe. Palibe chipangizo chimene chimachita zimenezi chosauzidwa.

Chachiwiri chinali kachizindikiro ka pamwamba ka m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi ndi Mang'anja. M'chilankhulo cha SQL, chimene pulogalamu imalankhulira ndi nkhokwe, kachizindikiro komweko ndi kamene kamatseka mawu. Dzina ngati Ng'oma likaphatikizidwa mosasamala m'lamulo lopita ku nkhokwe, kompyuta imaganiza kuti dzinalo lathera pa Ng, zotsalazo n'kuziyesa lamulo. Mpata womwewu ndi umene akuba amalowerapo kuti atape kapena kufufuta zosungidwa. Kale PHP inali ndi chizolowezi chodziikira kamzere kutsogolo kwa chizindikirocho, n'chifukwa chake masamba ena akale ankaonetsa ng\'ombe. Chizolowezicho chinachotsedwa mu 2012. Njira yoyenera, mu PHP ndi mu Node.js momwe, ndi kutumiza lamulo palokha ndi mawu paokha.  Wolemba mapulogalamu wa Chichewa amakumana ndi dzina lotere pa tsamba loyamba. Kuwonjezera apo, mafoni ena amalemba kachizindikiro kokhota, ena koongoka, ndipo wofufuza Ng'oma ndi kamodzi sapeza Ng'oma wolembedwa ndi kenako.

Chachitatu chinali chachikulu kuposa zonse, ndipo chinalibe lamulo lililonse lochithetsa. Mabuku anayiwo analembedwa ndi manja ambiri pa zaka zambiri. Mlembi wophunzira ku Malawi ankalemba ch ndi tch. Wophunzira ku Zambia ankalemba c ndi ch, monga mmene kumeneko amalembera Cinyanja. Choncho ch wa pa tsamba lina ndi tch wa pa tsamba linzake akhoza kukhala liwu limodzi, pamene ch awiri a alembi osiyana akhoza kukhala maliwu awiri. Alembi a m'badwo wotsatira anaphunzira kulemba m'Chishona, chimene chilibe l m'kalembedwe kake ndipo sichisiyanitsa p ndi ph. Mwale anasanduka Mware, Phiri anasanduka Piri, ndipo kwina Phili, popeza m'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo. Liwu limene Chichewa chimalemba ng', Chishona chimalemba n', motero banja limodzi linalembedwa pawiri.

Mayina a malo nawo anasintha. Gogo amene analembetsa kuti kwawo ndi ku Fort Johnston, mdzukulu wake adzafufuza Mangochi. Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo, Ncheu ndi Ntcheu, Fort Jameson ndi Chipata, Vila Coutinho ndi Ulongwe. Ngakhale malo oikidwa m'manda analembedwa Gatooma ndi Hartley. Zida zofufuzira mawu zimene zimapezeka kale zinapangidwira zilankhulo zimene mawu ake amasinthira kumapeto, pamene Chichewa chimasinthira kwambiri kumayambiriro: munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, anamwalira ndi atamwalira. Zonsezi zimafuna mndandanda wolembedwa ndi munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri ndi mbiri ya mayiko anayi. Mndandanda wotere ukalembedwa, umagwira ntchito mofanana mu PHP ndi mu Node.js.

Asuweniwo anapita kwa agogo awo ndi mafoni m'manja, aliyense kuonetsa katsamba kake. Pamaso pa agogo amasiya Chishona. Nkhalambayo inamvetsera za mabayiti ndi za miphika, kenaka inafunsa funso limodzi.

"Buku ili ndinalilandira kwa munthu amene analilandira kwa wina. Sanandiphunzitse kulitsegula. Nanga ichi chanuchi, inu mukachoka, adzatsegula ndani?"

"Agogo, amene akudziwa Node.js alipo ambiri ku Harare," anatero mnyamatayo.

"Ku Harare. Nanga kuno?"

Anawerenga pa zala achinyamata a m'bungwemo amene anagwirapo ntchito yotere. Amene anapezeka anali oti anakhudzapo WordPress ndi malo a lendi otchipa aja, ndipo akanatha kutsegula fayilo ya PHP n'kusintha mzere. Mamembala ndi ochepa moti sipadzakhala tsiku limene anthu zikwizikwi adzafunsa nthawi imodzi, choncho ubwino waukulu wa Node.js unalibe poonekera. Uthenga wa maliro umayenda kale pa WhatsApp mofulumira kuposa tsamba lililonse. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anasankha PHP, yolembedwa mophweka, ndi zobwereka zochepa. Likanakhala bungwe la mamembala ambiri ofuna kucheza pa tsambalo usana ndi usiku, kapena akanakhala kuti odziwa JavaScript ndiwo ambiri pafupi, yankho likanakhala lina, ndipo likanakhala lolondola.

Mnyamatayo sanatuluke chimanjamanja. Anatenga mbali ya pa foni, imene JavaScript ndiyo mwini wake, n'kuikonza kuti isamadye data yambiri. Anatenganso ntchito ya mndandanda wa mayina. Anausunga mu fayilo yapadera imene pulogalamu iliyonse ingawerenge, kuti tsiku lina wina akadzaganiza zosamukira ku chipangizo china, adzanyamule mndandandawo osataya kanthu. Anagwirizananso kuti dzina lililonse lisungidwe monga mmene mlembi woyamba analilembera, kalembedwe ka lero kakhale pambali pake. Mware sanakonzedwe kukhala Mwale, chifukwa Mware ndiye ali pa chitupa cha mwini wake, ndipo kalembedweko ndi umboni wa njira imene banjalo linayenda.

Pamsonkhano wovomereza panabuka nkhani imene achinyamatawo sanaiyembekezere. Akuluakulu ena sanafune kuti kumene anachokera kulembedwe pa intaneti. Anali ndi chifukwa. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo mwalamulo, ndipo ambiri obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka ali ndi zitupa zowatcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linali la m'mayiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma amene anaimapo pamzere n'kubwezedwa saiwala msanga. Anamvana kuti tsambalo lisatseguke kwa aliyense: membala aziona za banja lake zokha, mudzi ndi mfumu zizioneka pokhapokha banjalo litavomera, ndipo buku la pepala lipitirire, msungichuma azisindikiza zonse mwezi uliwonse n'kuzisainira.

Mawu a pa tsambalo anatenga masiku ambiri kuposa pulogalamu yake. Pa batani analemba Lowani, osati Lowa, chifukwa makina sangalankhule ndi gogo ngati mwana. Munthu akalakwitsa mawu achinsinsi, tsambalo limati Pepani, yesaninso. Pa mzere wa amene anamwalira anakana liwu lakuti wafa, nasankha malemu. Popeza adzukulu ambiri amawerenga Chishona mosavuta, tsambalo lili m'zilankhulo ziwiri, koma limatsegukira m'Chichewa, ndipo wofuna Chishona amadina yekha. Anthu ena anati n'kuvutitsa ana. Msungichuma anati mwana aziyamba wadutsa pakhomo la agogo ake asanapite kwa anzake.

Mkangano womaliza unali pa bokosi limodzi la fomu yolembetsera. Pokonza nkhokwe, wolemba amasankha ngati malo ena ayenera kudzazidwa mokakamiza kapena angasiyidwe opanda kanthu. Asuweni onse awiri, kwa nthawi yoyamba ali mbali imodzi, anafuna kuti bokosi la mudzi likhale lokakamiza, popeza ndilo phindu lenileni la ntchito yonseyo. Atayamba kulowetsa mayina a amoyo, anapeza mayi wina wokalamba wa ku Pfupajena amene bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Sadziwa mudzi, sadziwa mfumu, ndipo boma salitsimikiza. Akukumbukira kuti bambowo ankanena za phiri looneka m'mawa kuchokera pakhomo, za mtsinje umene ankaoloka popita kuchigayo, ndiponso kuti ankati kuŵala, ndi milomo yosatsekeka, osati kuwala. Fomuyo inamukana katatu.

Mtsikanayo anasintha mzere umodzi kuti bokosi la mudzi lizilola kukhala lopanda kanthu. Mnyamatayo anawonjezera bokosi lina lalikulu pansi pake, lopanda malire a zilembo, ndipo pamwamba pake analemba kuti: Zimene mukukumbukira za kwanu. Mayiyo analankhula kwa theka la ola, mdzukulu wake akulemba pa foni. Mawu a kuŵala anasungika ndi kadenga kake.